Nsomba Zopanda Mitu

"Tsekani kaye chitsekocho, alamu," anatero Zelipa. Chitatsekeka, anatukula chivundikiro cha filiza.

Ackson, mkulu wake wa malemu Gresham, anasuzumira. Pansi pa matumba a nsawawa ndi nkhuku imene inaiwalika chiyambire Isitala panagona nsomba zija, iliyonse kutalika ngati mkono wa munthu wamkulu, zokutidwa m'nyuzipepala. Zonse zinalibe mitu.

"Zonsezi za mu Severn?"

"Nanga mumati azitenge kuti, ku Limbe?"

Gresham, mwamuna wa Zelipa, anamwalira Loweruka akuwedza m'mbali mwa mtsinje wa Severn, kupitirira Bridgnorth. Mtima unangoima. Thupi linali lidakali m'manja mwa aboma, koma nyumba ya ku Whitmore Reans inali itadzaza kale: nsapato mulu pakhomo, majekete pamasitepe, amayi a mpingo akuimba kubalaza motsitsa mawu kuopa aneba.

Masiku oyamba Zelipa analira monga alirira mkazi aliyense. Misozi inauma pamene Bethany, mwana wawo wa ku sekondale, anatsika ndi foni m'manja atafufuza za malo amene bambo ake anafera.

"Mum, you're not allowed to keep them. Any salmon from the Severn has to go back alive. Even having one in the house can be an offence."

"Ukuti chiyani iwe?"

Zelipa anali atamva bwinobwino: nsomba ya salimoni ya mu Severn ndi yobwezera m'madzi yamoyo, ndipo kuisunga m'nyumba kukhoza kukhala mlandu. Nsomba kuigwira, kuiyang'ana, n'kuibwezera m'madzi ndi nzeru imene Mmalawi angaimve kakhumi osaikhulupirira. Koma dziko n'laeni ake, ndipo Zelipa ndi namwino. Banja lonse linakoloweka pa PIN yake ya ntchito, nambala ya chilolezo cha unamwino, ngati malaya pamsomali umodzi: viza, lendi, sukulu ya mwana. Mapepala opempha kukhazikika m'dziko muno anali atangowatumiza kumene. Mlandu umodzi, ngakhale wa nsomba, msomali uja ukhoza kuzuka.

Chikhala kuti ankabisa, bwenzi pali pogwira. Koma Zelipa ankazijambula nsombazo n'kuziponya pa gulupu ya mpingo, "Abambo a Bethany agwiranso." Abusa anadyako. Sisita wamkulu wa ku wodi anadyako, n'kufunsa kaphikidwe.

Ndiye m'mawa wa tsikuli kunabwera foni. Mzungu, dzina lake Derek Tranter, woyang'anira madzi a kilabu ya asodzi, munthu amene amayendera malayisensi. Anati afika madzulo, ali ndi mawu okhudza Gresham ndi nsomba.

"Anati nsomba?" anafunsa Ackson.

"Anati nsomba."

Ackson ali ndi digiri ziwiri, ndipo zonse zinayamba kutuluka thukuta. Iyenso anali atanyamulako kangapo kupita nazo kwake ku Nuneaton.

"Tizitaye mu bini."

"A zinyalala amatenga Lachinayi. Ankhandwe afika kaye, mawa msewu wonse uli mamba."

"Mu kanalo, ngalande ya madzi ija?"

"Makamera, alamu. Mukufuna ndioneke pa TV ndili ndi chitenje cha maliro, nsomba paphewa?"

Ackson anakanda m'mutu, kenaka anatsitsa mawu. "Kubalazako kuli anthu angati? Onsewo ali ndi pakamwa. Wapolisi sangatsegule mimba ya amayi a Mvano."

Anaitana Mayi Dinnah, mkulu wa amayi, amene pamaliro alionse khitchini imakhala yawo. Zelipa anawauza kuti malemu akanakonda kuti anthu adye thukuta lawo, lero lomwe, zonse.

"Lero? Asisi, izi zauma ngati nkhuni."

"Alamu azidula."

Choncho Ackson anagwada kuseri kwa nyumba ndi sowo ya zitsulo, atavala suti yakuda, akucheka salimoni ndi kuyang'ana mawindo a aneba. Mayi Dinnah anayatsa mbaula zonse. Fungo linakwera masitepe, linatulukira pa letabokosi, linakafika mwina mpaka ku bwalo la mpira. Alamu ya utsi italira, Zelipa anagwetsa mbale poganiza kuti ndi apolisi, ndipo nyimbo ya kubalaza inadukira pakati pa vesi.

Zelipa anayamba kusenda anyezi. Munthu amene amabaya jakisoni pamtsempha wosaoneka, lero mpeni ukumuphonya. M'maganizo ankamuona Gresham atakhala pampando uja wa pakona, mahedifoni m'makutu, akuonera mavidiyo a anthu a ku Alaska akugwira salimoni yotchedwa koho. Ankaimitsa vidiyo n'kumufotokozera ngati iye wafunsa: uponye chopingasa mtsinje, kachitsulo konyezimira kazizungulira kokha potsetsereka ndi madzi, usakoke mwaphuma. Madzi akakhala akuya, umangirire kanthenga kapinki kolemera kumutu, uzikadumphitsa pang'onopang'ono, nsomba imaluma kakamagwa. Zonsezo ankadziwa, koma lamulo limodzi lokha osamuuza mkazi wake. Kapena n'chifukwa chake ankadula mitu, kuti zisadziwike mtundu? Iye ankangodandaula kuti mutu ndiye ndiwo, Gresham n'kumaseka.

"Mwandisiyira chiyani, abambo inu," ananong'ona.

Belu la pakhomo linalira nthawi isanakwane.

Zelipa anauma pamene anaima. Anamva Bethany akutsegula, kenaka mawu olemera a mzungu, kenaka mapazi akuponda nsapato za anthu m'kakhonde kaja. Asanaganize kobisala, Mayi Dinnah anali atatuluka kale. Mlendo pamaliro sakhala chimanjamanja, kaya ndi wakuda kaya ndi woyera. Pamene Zelipa ankasuzumira, woyang'anira madzi a Severn anali ataima pakhomo la khitchini, chikwama chachitali cha ndodo yowedzera paphewa, m'manja muli mbale ya mpunga ndi chipande cha salimoni chachikulu kuposa zonse.

Kuseri kwa nyumba sowo inasiya kulira. Panamveka geti ya kumbuyo ikutsekeka mwaulemu.

Tranter anali nkhalamba yofiira m'makutu, ya mawondo ovuta. Anayankhula Chingerezi cha eni dera lino la Black Country, chija odwala akachiyamba Zelipa amangogwedeza mutu. Anapepesa maliro. Anatsamiritsa chikwama chija pakhoma, nati ndi katundu wa Gresham. Kenaka anayang'ana mbale, anayang'ana mapoto, anayang'ana mulu wa nyuzipepala zonyowa pasinki.

Zelipa anauza Mayi Dinnah kuti akaone ngati tiyi wakwana kubalaza. Atatsala awiri, anagwira mpando.

"Bambo Tranter, ine sindinkadziwa. Ndikulumbira. Mwana ndi amene wandiuza dzulo. Ndine namwino, sindinalakwirepo boma ngakhale pa pakingi. Ngati pali faindi ndilipira, koma chonde dzina langa lisalembedwe. Mwanayu wataya kale bambo."

Mzungu uja anatenga foloko, ananyema nsomba, anatafuna mosafulumira.

"Mwaikamo chiyani? Ikuwawa bwino."

"Kambuzi."

"Koho iyi, mayi. Siinaonepo Severn chibadwire. Yachokera kutsidya la nyanja pa sitima, ili m'katoni."

Zelipa sanamve. Tranter anabwereza, ndipo anaika mbale pansi kuti manja amuthandize kufotokoza. Anati iye ndi Gresham ankapita limodzi kumtsinje pa galimoto yake. Pobwerera ankaima kwa wogulitsa nsomba zouma ndi ayisi, iye n'kudikira panja injini ikulira. Gresham ankafuna koho basi, ya m'mavidiyo ake. Zimabwera zodula kale mitu. Ankachotsa pulasitiki mu buti ya galimoto, n'kukuta nsomba m'nyuzipepala, n'kuikapo timaudzu ta kumtsinje timene wathyola dala.

"Udzu womwe," anatero Zelipa. Ankautsuka yekha udzu umenewo.

"Ndinamuuza kuti tangonena zoona kunyumba. Anati kwanu mwamuna sangabwere kumtsinje n'kuuza mkazi wake kuti nsomba ndinaigwira koma ndinaitsanzika."

Zelipa anakhala pampando. Anakumbukira chaka choyamba chija, Gresham akubwera ndi mabuti amatope ndi chikwama chopanda kanthu, iye n'kumuseka pamaso pa alendo kuti azungu a kilabu apeza mbuzi yodzibweretsa yokha. Anthu anaseka kwambiri tsiku limenelo. Gresham nayenso anaseka.

"Ndiye palibe mlandu?"

"Mlandu wa chiyani? Munthu ameneyu ankatola ngakhale ulusi wotaya anzake kuti usakole abakha."

Mpweya umene Zelipa anausunga chiyambire dzulo unatuluka, theka kuseka theka kulira. Anaimirira, anakankha chitseko cha khitchini mpaka chinatsekeka. Kubalaza kunali mawu a Ackson, amene anali atazungulira msewu n'kulowera kutsogolo ngati wangofika kumene. Mantha anali asanamuchoke, koma pakamwa panali patayamba kale kuuza anthu za mng'ono wake, msodzi woopsa amene azungu ankamupatsa ulemu.

"Izi zithere muno, Bambo Tranter."

"Ndinamulonjeza kale mwini wake. Ndanena chifukwa ndaona mukufuna kukomoka."

"Nanga mawu a nsomba mumanena pa foni aja?"

Nkhalamba ija inapukuta pakamwa. Inati salimoni mu Severn zatsala zochepa, munthu akhoza kuwedza zaka osaiona. Gresham anali asanagwirepo ngakhale imodzi. Loweruka lija anamangirira kanthenga kake kapinki, kamene kilabu yonse inkakaseka kuti nsomba za kuno sizidya za ku Amereka. Anaponya kumunsi kwa mwala waukulu, kamodzi, kawiri, ndodo inapindika.

"Yaikazi, yaikulu, yoyera ngati siliva. Analimbana nayo mpaka inatopa. Ndinati itukule ndikujambule, mkazi wako aone yeniyeni. Anakana. Anati ikatuluka m'madzi ivutika."

"Osajambula?"

"Osajambula. Ndiye ndinati wina akuuzeni."

Anafotokoza kuti salimoni yotopa ukangoisiya imatembenuka chagada n'kufa. Umayenera kuigwira m'madzi, mutu kuloza kumene madzi akuchokera, mpaka mphamvu zibwerere. Ija inachedwa. Gresham anagwada m'madzi ozizira ofika m'chiuno, osasuntha, akuiyankhula m'chinenero chake. Atatuluka anakhala paudzu, akuseka, nati pachifuwa pathina pang'ono.

Zelipa sanafunse kuti anakhalamo nthawi yaitali bwanji. Munthu wa BP, madzi a mwezi uno, mtima ukuthamanga kale. Ntchito yake inamuuza zotsalazo.

"Anaigwira bwanji?" anafunsa.

Tranter anayang'ana pansi. Anagwira m'mphepete mwa sinki, anatsitsa bondo limodzi, kenaka linzake, mafupa akulira. Anagwada pakati pa makoko a anyezi ndi madontho a mafuta. Dzanja lamanzere analitambasula pansi, chikhatho chagada, ngati akuchirikiza mimba ya khanda. Lamanja analizunguliza pamchira wosaoneka. Anakhala choncho, mutu woweramira madzi, kubalaza nyimbo itayambiranso.

Kenaka anamasula zala, chimodzichimodzi, ndipo manja anawasiya otsegula.