Diresi la Misoko Yamkati

Telala wa pakona ankakhala ndi mdzukulu wake wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. Ankamutchula kuti Abwana, chifukwa chilichonse m'nyumbamo chinkayendera iye. Mwanayo sankayankhula. Ankadana ndi phokoso, ndipo koposa zonse sankafuna kuti msoko wa chovala umukhudze pakhungu. Ukangomukhudza ankadzikanda mpaka magazi. Adokotala anangolemba dzina lalitali la vutolo pakapepala, basi. Za misokozo telala anazitulukira yekha, ndipo kuyambira pamenepo zovala zonse za mwanayo, ndi yunifolomu yomwe, ankazisoka misoko ili kunja. Anthu a mumsewumo ankati mkuluyo maso atha, akuveka mwana zovala zotembenuza. Iye ankangoti, "Sekani, mano ndi anu."

Sukulu ya ana otere itatsekera tchuthi cha kumapeto kwa chaka, Abwana sanamve za tchuthizo. M'mawa uliwonse ankavala yunifolomu n'kuima pakhomo. Telala ankatseka shopu, kumuperekeza mpaka pageti la sukulu, mwanayo n'kugwira loko kawiri, kenako n'kubwerera. Makasitomala a zovala za chikondwerero ankadikira pabenchi akung'ung'udza.

Mayi wa mwanayo, mwana wamkazi yekhayo wa telala, ankagwira ntchito kutali. Anaimba foni kuti akubwera ndi mwamuna wake watsopano, komanso kuti apeza malo ogonera komweko kumene amasunga ana otere.

"Bambo, mwakula. Tidzaone mmene zinthu zilili, kenako tidzaganiza."

Telala ankadziwa kuti wonena kuti tidzaganiza amakhala ataganiza kale. Komabe anati mumtima: akadzapeza mwana ali bwinobwino ngati ana ena, adzanena chiyani? Chinamuvutitsa chinali mkamwiniyo, munthu wa taye, amene akanangoona misoko ili kunja n'kuyamba kumumvera chisoni. Telala akanalola kutukwanidwa, osati kumveredwa chisoni.

Choncho anatenga nsalu yachikasu n'kusoka diresi masiku atatu. Linali la kolala, lesi m'mikono, zipi kumbuyo, misoko yonse mkati monga asokera anthu onse. Misokoyo anaisita mobwerezabwereza, akudziuza kuti tsiku limodzi silingaphe munthu.

Tsiku la phwando lolandira alendowo pabalaza panadzaza. Panali mayi wa mwanayo, mkamwini, ndi mchemwali wake wa telala amene sankasowa pomwe pali mbale. Telala anamuveka mwanayo kuchipinda n'kutuluka naye atamugwira dzanja. Abwana ankayenda mouma, manja atawatalikitsa ndi thupi.

"Apongozi, dzanja lanu silinakalambe ayi," anatero mkamwini. "Diresi ili ndi la m'sitolo zazikulu."

"Lero lokha mwakumbuka kumene kumakhala kunja kwa chovala, achimwene?" anatero mchemwaliyo akutafuna.

Onse anaseka, naye telala anaseka. Mayi wa mwanayo anagwetsa misozi, akuti sanamuonepo atatchena chonchi.

Anamukhazika pampando. Mwanayo anayamba kupukusa khosi, kenako kung'ung'uza chapansipansi. Telala ankaudziwa bwino mtundu wa kulirako. Akananyamuka naye pomwepo zikanatha. Koma mkamwini anali akutulutsa foni kuti ajambule, ndiye anangonong'ona, "Pirirani pang'ono, Abwana."

Mwanayo anakoka kolala mpaka kung'amba. Anadzikanda pakhosi ndi manja onse awiri. Mbale inagwa n'kusweka. Mayi ake atathamanga kuti amugwire, anawaluma padzanja, n'kudziponya pansi akumenyetsa mutu pasimenti.

Telala anamunyamula, msana ukulira, kupita naye kushopu kumene kunali zii. Zipi inakana, ndiye anatenga sizasi n'kudula diresilo kuyambira m'khosi mpaka pansi. Anamuveka yunifolomu. Posakhalitsa mwanayo analowa pansi pa tebulo la makina n'kukhala chete, pakhosi pali mizere yofiira.

Mayi wa mwanayo anaima pakhomo atakulunga dzanja ndi mpango. Mwamuna wake anali kumbuyo.

"Zimenezi zimachitika kangati, bambo?"

"Chaka chino sizinachitikepo. Ndi diresilo. Misoko ikakhala mkati imamuwawa."

"Inu mumadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munamuveka chifukwa chiyani?"

Telala anayang'ana nsapato zonyezimira za mkamwini. Yankho linalipo, koma silinali loti bambo n'kuuza mwana wake.

"Mukanakhala kuti munaiwala ndikanamvetsa," anatero mwana wakeyo motsitsa mawu. "Koma kaya munaiwala kaya munadziwa, sindingamusiyenso."

Ananyamuka patapita masiku awiri. Telala analongedza yekha chikwama, akupinda chovala chimodzichimodzi. Pagalimoto anagwira chitseko.

"Mukawauze a kumaloko asamuveke zovala zogula."

"Kumeneko ali ndi yunifolomu yawoyawo, bambo."

"Ndiye munditumizire ndidzaisokenso. Ndi ntchito ya ola limodzi."

"Ndi kutali. Koma ndikawauza."

"Ukawauza ndani? Amene ali pantchito m'mawa si amene amakhalapo madzulo."

"Apongozi, kuli anthu ophunzira kumeneko," anatero mkamwini mwaulemu, akuliza injini.

Abwana anali kumpando wakumbuyo, akusisita galasi ndi chala. Telala anagogoda pagalasipo. Mwanayo anayang'ana chala cha agogo akewo, osati nkhope, monga ankachitira masiku onse. Mwanayo ankayesa kuti akupita kusukulu.

Galimoto itakhota pakona m'pamene telala anazindikira kuti sanafunse n'komwe dzina la malowo.