Supuni Imodzi ya Yogati

"Sindinanene kuti ndi mankhwala."

"Unati imatsitsa bipi. Ndinalipo ine."

"Mwa makoswe, achimwene. Ndinati mwa makoswe."

"Ndiye bambo ndi khoswe?"

Tinali pa benchi m'khonde la chipatala. Kuseri kwa chitseko bambo anali gone, mkono wakumanja utafooka, pakamwa patapindikira mbali imodzi. Amayi anakhala pakati pathu atakumbatira chikwama chawo ngati pali wofuna kuwalanda.

Ntchito yanga ku labu ndi kufufuza mabakiteriya owawasitsa mkaka. Ena mwa iwo amatulutsa enzaimu, kanthu kogwira ntchito ngati lumo, kamene kamadula mapuloteni a mkaka kukhala tizidutswa. Tizidutswa tina tinatsitsako kuthamanga kwa magazi mwa makoswe athu. Ndinazifotokoza zimenezi tikudya tsiku lina, monyadira ndithu, kabotolo ka yogati kali m'manja. Anthu anamva mawu onse kupatula akuti makoswe.

"Mapiritsi a bipi anasiya liti?" ndinafunsa amayi.

"Ankawapweteketsa mutu. Yogati yakoyo ndiye ankaikonda."

"Koma ndinabweretsa kabotolo kamodzi, amayi, ndipo ndi kalekale."

"Sikanathe. Ndimasungako supuni imodzi, n'kuthira mumkaka wofunda, n'kufunditsa thaulo. Kukacha wagwira."

Ndinatsinzina. Mabakiteriya anga ndi ana olera m'manja, amafuna botolo lowiritsa ndi kutentha koyeza. M'khitchini amakumana ndi anzawo a pasupuni, a pathaulo ndi a m'zala, ndipo sachedwa kulandidwa malo. Zimene bambo akhala akumwa ndi mkaka wowawasa basi. Ngakhale khoswe sakanapindula nawo.

"Lankhulatu, dokotala wa makoswe," anatero achimwene. "Patebulo paja sunkatipatsa mpata."

Namwino anatuluka, natiuza kuti tidikirebe, magazi sanatsike. Anatseka chitseko tisanaone nkhope ya bambo.

Amayi anandigwira bondo. "Usadandaule, mwanawe, chinthu chako n'chabwino. Abambo ako ndi thupi lawo chabe. Atelala aja akuti chisiyireni mapiritsi, mutu wawo uli mbee."

Achimwene anatembenuka pang'onopang'ono. "Atelala aipeza kuti yogatiyo?"

"Ndinawagawira supuni imodzi. Chabwino sadya yekha. Iwo anapatsako alamu awo, ndi mayi aja osoka nsapato, amene anakomoka chaka chatha. Ndimawauza kuti yachokera ku yunivesite, mwana wanga anaiyeza yekha."

M'chikwama chawo foni inayamba kulira. Amayi anaitulutsa, naiyang'ana, koma sanaiyankhe. Inasiya, n'kuyambiranso.

"Ndi akazi awo a atelala," anatero motsitsa mawu. "Sakonda kuimba amenewa."

Ndinatembenukira kwa amayi.

"Amayi, asiya mapiritsi ndi anthu angati?"