Laputopu ya Velina Yasiya Kulankhula

1.

Mulibe chilolezo.

Makinawo amalemba m'Chingerezi, mawu ambirimbiri m'kabokosi kotuwa, koma a Kaliwamba anawafupikitsa kalekale m'mutu mwawo. Mulibe chilolezo. Pansi pa mawuwo pali kampata koyera koyembekezera pasiwedi. Pamwamba pake pali dzina. Velina.

Atseka laputopuyo. Aikulunga m'chitenje. Aiika pa tebulo la makina osokera, amene sanawapondepo chiyambire mwezi wa Marichi.

2.

Alamu, Loweruka lino tikusudzulani.

Akulankhulawo ndi a Lefani, alongo ake a Velina, mkazi wa a Kaliwamba, eni mbumba. Akhala pa mpando wa pakhonde, chipewa pa bondo.

Mwakhala nafe bwino zaka makumi atatu ndi chimodzi, palibe amene akukudani. Koma mwambo ndi mwambo. Mkamwini akafedwa timammasula. Mupite kwanu ku Mchinji, mukapume. Mukafuna kukwatira mukakwatire.

Chabwino.

Makina osokerawo ndi anu. Njinga ndi yanu. Kompyuta ya malemuyi tipatsa mdzukulu wathu uja akuyamba kukoleji. Akuti aifulasha kaye, za m'katimo zichoke zonse, ayambe nayo yoyera.

Zonse?

Nanga za malemu azitani nazo mwana?

A Kaliwamba ayang'ana nkhuku ikupalasa pansi pa mpanda.

Chabwino.

Linali Lolemba.

3.

Velina anali mphunzitsi wa Sitandade 1. Chaka chimene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri, ankadzijambula mawu akuwerenga, n'kumatumizira makolo pa foni kuti ana asaiwale. Foni yake inapita ndi abale tsiku la maliro. Makolo aja anafufuta kalekale. Mawuwo anatsala malo amodzi okha.

A Kaliwamba amakumbukira mayina a mafayilowo. Ankawaona podutsa kumbuyo kwa mpando wake.

Phunziro 1 a e i o u
Phunziro 2 ma me mi mo mu
Phunziro 3 ta te ti
Phunziro 4 galu analowerera
Phunziro 4 yabwino
Phunziro 7 yoipa
Phunziro 7 yoipa kwambiri
Phunziro 7 basi ndatopa

Zitseko zilipo ziwiri, ndipo zonse n'zotseka. Choyamba: iwo amalowa m'makinamo pa akaunti yawo yaing'ono imene mayiwo anawatsegulira kuti aziona masitayilo a madiresi, ndipo kuchokera kumeneko foda ya Velina siitseguka. Chachiwiri: pakona pa sikirini, pa kachithunzi ka sipika, pakhala kamtanda kofiira. Makinawo anasiya kutulutsa mawu. Ngakhale foda itatseguka, mukhala muli zii.

Akufuna amve mawu amenewo lisanafike Loweruka. Palibenso china.

4.

Lachiwiri, pa Linthipe.

Dalikeni ali ndi kashopu kochajira mafoni ndi kuthira nyimbo m'mamemore. Ndi munthu wa ndevu za pachibwano, wolankhula akutafuna chingamu.

Madala, kamtanda aka si matenda aakulu. Ndi dalaiva. Kapulogalamu kamene kamauza makina kuti uli ndi sipika, lankhula. Kanu kanafa. Tiikamo kena, mphindi zisanu.

Alowetsa fulashi. Adina. Kabokosi kotuwa katulukira.

Mulibe chilolezo.

Aaa. Ikufuna mwini wake. Velina ndi ndani, madala?

Akazi anga.

Tawaimbirani.

Sakupezeka.

Netiweki?

Eya.

Dalikeni aseka mpaka chingamu chionekera. Ndiye a Velinawo anakutsekerani panja m'nyumba yanu yomwe? Inu ndinu mlendo m'makina muno, madala, iwo ndiye bwana. Akubisirani chiyani a Velina? Tiyeni tiyese mwayi. Anabadwa liti?

Anayesa tsiku lobadwa.
Anayesa tsiku la ukwati.
Anayesa dzina la sukulu.
Anayesa Yesu123.
Anayesa Yesu1234.

Ayi, a Velina ndi dolo. A Velina sagona. Mukawauze kuti Dalikeni wa pa Linthipe wavula chipewa.

Ndikawauza.

Zoyesa zinatha, koma a Kaliwamba sanadzuke pa benchipo. Anakhalabe, laputopu pa miyendo, mpaka kunabwera mayi wina ndi foni yogwera m'madzi, Dalikeni n'kuwaiwala.

5.

Kuyambira m'mawa uja nesi anatuluka m'chipinda n'kuwafunsa kuti kodi ndinu amuna awo a malemu, dzina lija linalowa pansi mwini wake asanalowe, pa siwa malemu, m'tchalitchi malemu, a hedimasitala polankhula kumanda malemu anali munthu wolimbikira ntchito, amayi a kuchigayo malemu ankakonda ufa woyera, ana a sukulu aja ankathamangira pa mpanda kukuwa kuti madamu madamu tsopano amadutsa mwakachetechete ngati pali galu woluma, tsiku lometa malemu, pogawa zovala izi za malemu izi za malemu, ndipo munthu akaiwala n'kuyamba kutchula amadzigwira pakamwa n'kukonza msanga, pepani, malemu, ngati kuti akanamaliza dzinalo denga likanagwa

6.

Lachitatu, ku Lilongwe.

Shopu ya magalasi, yozizira ngati m'chipatala. A Mvalo avala taye ndi kabaji pachifuwa. Asanayatse makinawo ayang'ana kaye nsapato za a Kaliwamba, kenako chitenje chokulungira.

Mwaitenga kuti, bambo?

Kunyumba.

Risiti ilipo?

Inasowa.

Ayatsa. Adina pa foda.

Mulibe chilolezo.

Mwaona? Makina akuti si yanu. Ife kuno sitithyola zinthu za eni ake. Sabata yatha yomweyi wina anabwera ndi nkhani yokoma ngati yanuyi, apolisi anamutengera pampando mwakhalapopo.

Ndi ya akazi anga.

Ndiye akazi anuwo abwere. Mayi Velina abwere okha, ndi chitupa chawo cha unzika, alembe pasiwedi ndi dzanja lawo, dalaivayo tiwaikira pomwepo. Akudwala?

Ayi.

Ali kutali?

Pang'ono.

Tikhala tikuwadikira Mayi Velina. Timatseka hafu faifi.

Anawaganizira kuti ndi wakuba, anthu akuona. A Kaliwamba anakulunga laputopuyo bwinobwino, ngodya zinayi, mfundo imodzi. Potuluka anatembenuka pakhomo.

Mwati abwere ndani?

Mayi Velina, bambo. Simunamve?

Ndamva. Zikomo.

7.

Minibasi.

Thumba la wina la mbatata likuwapsinja bondo. Kondakitala akukuwa mayina a malo. Nathenje. Kamphata. Nkhoma.

Atsala masiku awiri.

8.

Inu.

Nyemba zija munabzala kuseri kwa bafa zinabereka. Ndinathyola. Sindinaphike.

A Lefani akuti Loweruka.

Diresi lanu la kwaya ndinalimaliza mpendero ndi singano ya pamanja. Anatenga achemwali anu. Likuwathina.

9.

Lachinayi, pa Dedza boma. Akusimba ndi Mevisi, wokonza makompyuta kuseri kwa depoti.

Ine anandipeza ndikudya mbatata yootcha, cha m'ma leveni. Bambo wamtali, wachete, malaya osita bwino. Anamasula chitenje ngati akutsegula mwana wakhanda kusikelo. Ndinaona vuto lake msanga. Dalaiva wa mawu anawonongeka, ndipo akaunti yawo ilibe mphamvu yoika china chilichonse. Ndinati, bambo, a Velinawa ndi amene ali ndi makiyi. Anati eya. Ndinati muli ndi nambala yawo? Anati sakuyankha.

Ndinati musadandaule, pali njira. Nditha kuyatsa makinawa ndi fulashi yanga, n'kuchotsa pasiwedi ya a Velina osakhudza fayilo ndi imodzi yomwe. Mphindi khumi, mumva chilichonse mukufuna kumva.

Anati ayi.

Ndinati sindifufuta kanthu.

Anati musachotse.

Ndinati nanga ndichite chiyani, bambo?

Anati tayesaninso.

Ndiyesenso chiyani? Zaka zisanu ndi zitatu ndili pa ntchito ino. Ndaona obwera ndi laputopu yakuba, ndaona amuna ofuna kufufuza mauthenga a akazi awo, ndaona ana a sukulu oiwala pasiwedi yawo yomwe. Onsewo ukawauza kuti ndithyola chitseko, maso amawala. Awa nditawauza anagwira makinawo m'mbali ndi manja awiri.

Ndipamene ndinayang'ana mutu wawo. Tsitsi likumera lofanana mutu wonse, lalifupi, la munthu amene anametedwa ndi lezala miyezi ingapo yapitayo. Bambo anga analinso choncho chaka chimene mayi anatisiya.

Sindinapepese. Ndinatsala pang'ono, mawu anafika pa lilime, ndinawameza limodzi ndi mbatata.

Ndinati a Velinawa amagwira ntchito yanji?

Amaphunzitsa. Sitandade 1.

Iii, ndiye ndi opirira a Velina.

Pang'ono. Amakalipa.

Amakukalipirani inunso?

Tsiku lililonse.

Ndinawapatsa tiyi m'kapu yanga. Anakhala mpaka wani koloko. Ine ndikukonza pulinta ya anthu a kukhonsolo, ndikufunsa, iwo akuyankha mawu amodzi amodzi. A Velina amaimba? Alito. A Velina amaphika bwino? Mchere wambiri. Pomaliza ndinatenga fulashi yanga ina, ndinaikamo dalaiva wa makina awo, ndinawaonetsa. Tsiku limene a Velina adzayankhe, mudine apa kawiri, mulembe pasiwedi, mudikire, muzimitse, muyatsenso. Mukatero chilichonse mukufuna kusunga muchikokere m'kafulashi komweka, chonchi. Ndi kanu.

Anandiuza kuti ndiwaonetsenso. Ndinawaonetsa katatu.

Mukawapatse moni a Velina.

Anaima pakhomo. Kenako anati, moni wanu afika.

10.

Zimene alongedza:

mutu wa makina osokera, m'katoni ya sopo
miyendo yake, yomangidwa ndi linya
lumo lalikulu
simbi ya makala
malaya anayi
jekete la ukwati
pampu ya njinga
kapu imodzi

Pa alumali patsala kapu ina. Aitenga. Aibwezera. Ili m'gulu la za mbumba.

11.

A Lefani adutsa madzulo a Lachinayi lomwelo, akuchokera kudimba.

Alamu, mwasowatu sabata ino. Anthu akuti akumakuonani m'maminibasi ndi kompyuta ya malemu. Simukugulitsa?

Ayi.

Chifukwa mwana akuidikira.

Aipeza.

Yawonongeka?

Siikulankhula.

A Lefani apukusa mutu. Siyani kudzivutitsa, akaifulasha ilankhula yokha. Malemu anapita, alamu. Mtima muuike pansi.

Eya.

12.

Lachisanu. Dzuwa langokwera pamwamba pa mtengo wa mapeyala. M'nyumba muli makatoni ndi fumbi la m'makona limene linabisika zaka zonsezi.

Akhala pansi pa simenti, msana kukhoma. Amasula chitenje. Ayatsa. Alowetsa fulashi ya Mevisi. Adina kawiri.

Mulibe chilolezo.

Kampata koyera. Dzina pamwamba.

Sayang'ana m'kope, safufuza m'thumba, saganizira. Chala chimodzi, zilembo zisanu ndi ziwiri.

phokoso

Velina anawauza tsiku lomwe anabwera nayo laputopuyo kuchokera kutauni, akuseka pakhomo pomwepa. Ndaikapo dzina lanu, kuti ndikadzaiwala mudzandikumbutse. Ndi mmene ankawaitanira chikwatirane, a Phokoso, chifukwa ankatha tsiku lathunthu atalankhula mawu osakwana khumi. A Kaliwamba sanaiwalepo. Ankaidziwa pa Linthipe pamene Dalikeni ankayesa Yesu1234. Ankaidziwa ku Lilongwe pamene ankawayesa wakuba. Ankaidziwa pa Dedza, kapu ya tiyi m'manja.

Koma pa dziko lonse lapansi panatsala anthu atatu okha amene ankati Velina osayamba ndi malemu. Atatu amene ankati waimbireni, abwere, mukawapatse moni. Dalaiva akangolowa, palibenso chonyamulira makinawo kupita nawo kwa munthu.

Kamzere kobiriwira kayenda mpaka kumapeto. Azimitsa. Ayatsanso. Kamtanda kofiira kachoka. Alowa pa dzina la Velina, foda itseguka ngati sinatsekedwepo. Akokera mafayilo onse m'kafulashi, mmene anawaonetsera katatu. Kenako chala chiima pa mndandanda. Chidumpha yabwino. Chidina Phunziro 7 yoipa.

Kaphokoso ka mphepo. Kutsokomola.

Ana inu, lero tiphunzira nda, nde, ndi. Tiyeni tonse. Nda.

Kumbuyo kwa mawuwo kukumveka chinthu china, chogogoda mofulumira, chosalekeza. Makina osokera.

Nde. Ndi. Ndo. Aaa, koma abale. A Phokoso. A Phokoso, tasiyani kaye makinawo, ndikujambula.

Makinawo sakusiya.

A Phokoso, mukundimva?

M'sipikamo, bambo uja sakuyankha. Akungoponda, akungoponda, ali ndi yunifolomu za eni ake zoti amalize.

A Kaliwamba aweramira pafupi ndi laputopuyo.

Ndikumva, Velina. Ndasiya.