Njinga Imene Inachira Msanga

Njinga ya bambo a mapasa inachira msanga kuposa eni ake, ndipo vuto linayambira pamenepo.

Eni akewo anali gone pampando wautali pakhonde, mwendo wakumanja uli m'chikhakha kuchokera pabondo mpaka kuzala. Ntchito yawo inali yogawa buledi m'mashopu pa njinga. Tsiku lina galimoto ya kampani ina yonyamula katundu inawagunda chakumbuyo pamphambano, buledi n'kumwazika msewu wonse. Dalaivala anauza apolisi kuti sanawakhudze n'komwe, munthu anangogwa yekha chifukwa cha mantha a hutala. Anthu analipo ambiri pamalopo, koma palibe amene anaona bwinobwino, poti aliyense anali wotanganidwa ndi kutola buledi.

Choncho a inshulansi ya galimotoyo anati atumiza munthu wawo adzaone mmene njingayo inaphwanyikira. Ikasonyeza kuti inagundidwadi, chipukuta misozi cha mwendo ndi cha njinga chituluka. Ikapanda kusonyeza, ndiye kuti bambo a mapasa anathyola mwendo wawo okha, aziupepesa okha.

Mayi a mapasa anaisunga njingayo kuseri kwa nyumba, ataifunditsa thumba ngati wodwala. Inali yokhota mochititsa chidwi, ndipo iwo ankaikonda choncho. M'mawa wa tsiku limene munthu wa inshulansi ankabwera, anapita kukaivundukula kuti aiike poonekera. Anapeza thumba lokha, lopindidwa bwinobwino.

Asanakuwe n'komwe, belu linalira kuchipata. Achimwene awo, owotcherera zitsulo kumsika, analowa akupalasa njinga yonyezimira, mano onse ali pamtunda. Anazungulira bwalo, n'kusiya chiwongolero, n'kukweza manja m'mwamba.

"Alamu!" anakuwa. "Dzukani muone! Ndinati mlamu wanga asamadzuke tsiku ndi tsiku n'kumaona chitsulo chachisoni kuseri kwa nyumba. Ndaitenga dzana mwakachetechete. Wilo latsopano, keliyala yatsopano, madigadi yatsopano. Musandilipire, ndife achibale."

Bambo a mapasa anayang'ana njingayo, anayang'ana akazi awo, kenaka anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso.

"Akulira ndi chimwemwe," anatero achimwene, okhutira.

"Achimwene," anatero mayi a mapasa ndi mawu ofatsa kwambiri, ofatsa moopsa, "mwapha mboni yathu."

Zinatenga nthawi kuti awamvetse. Atamvetsa, anatsika panjinga pang'onopang'ono, n'kukanda m'mutu. Kenaka nkhope yawo inawala.

"Basi tiikhotetsenso! Ndili ndi hamala m'chikwamamu."

"Muikhudze muone!" mawu anatuluka pansi pa chitenje. "Anthu aja si ana. Adziwa kusiyana kwa galimoto ndi hamala ya mlamu. Atimanga tonse, ine ndi chikhakha changa chomwe."

Mutu wa mayi a mapasa unali utayamba kale kuthamanga. Ngati zitsulo zatsopano zalowa, ndiye kuti zakale zatuluka, ndipo chotuluka chimapita kwinakwake.

"Zokhota zija zili kuti?"

"Ndinagawa."

"Munagawa?"

"Anthu anapempha, mlongo wanga. Ndikanawamana zinyalala?"

Mayi a mapasa anawagwira malaya n'kuwakokera kumsewu, mpango uli pambali, patapata mmodzi akufuna kutsala.

Madigadi anaipeza pafupi. Eni nyumba imene ankachita lendi anali ataikhomera m'mphepete mwa denga la bafa kuti izitsetsereza madzi a mvula m'mgolo. Anaipereka monyinyirika, akunena kuti chiyambire kumanga nyumbazo sanaonepo ngalande yokhota mogwirizana ndi denga lawo chonchi. Keliyala inali kwa mayi wina wogulitsa tomato, ataisandutsa thandala la mbale. Mayi a mapasa anachotsa okha makapu, akupepesa kapu iliyonse, n'kupachika keliyalayo m'khosi mwa achimwene.

Linatsala wilo lakumbuyo, lomwe galimoto inalipsompsona penipeni.

"Lili kwa a Sizasi," anatero achimwene motsitsa mawu. "Koma kumeneko kuvuta."

A Sizasi anali ometa tsitsi pakona. Mayi a mapasa atafika anapeza kanyumba kawo kadzaza mpaka pakhomo, anthu ena ometedwa theka, ena osabwera kudzameta n'komwe, onse maso ali pa kanema. Pamwamba pa denga, kunsonga kwa mtengo wautali, wilo lawo linali litamangidwa ndi waya, likunyezimira padzuwa ngati mbendera ya dziko la anthu osokonekera.

"Mlongoti umenewo ndi wanga, a Sizasi."

"Mayi, khalani pansi kaye tikambirane ngati anthu," anatero a Sizasi, makina ometera akulirabe m'manja. "Kanema uyu chigulireni ankaonetsa mvula yokhayokha. Osewera mpira tinkawadziwira kumawu. Dzulo ndamangirira wilolo, taonani! Mpaka thukuta la goloboyi likuoneka. Wilo lowongoka ndinayesapo, silikoka. Likufunika lokhota chomwechi. Amuna anu anagundidwa mwaluso."

Anthu anaseka. Mayi a mapasa nawo anamva kuseka kukuwakwera kuchokera m'mimba, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa kwambiri. Anakwera pabenchi, n'kuimirira kutsogolo kwa kanemayo, manja m'chiuno.

"Ndimvereni nonse. Munthu wa inshulansi ali m'njira. Akapanda kuona zitsulo zokhota za njinga ija, mwendo wa bambo a mapasa wathyoka ulele, ndipo buledi wa ana anga muzigula ndinu. Sindichoka pano. Mpira muuonera pa diresi langali."

Sipanapite nthawi, amuna atatu anali padenga. A Sizasi anatsala akuyang'ana kanema wawo akubwerera kumvula, n'kupukusa mutu ngati munthu woperekeza mlendo wokondedwa.

Koma mawu aja anali atamveka, ndipo anthu a mumsewu umenewo anali ndi mitima yabwino mopitirira muyeso. Aliyense anamva chinthu chimodzi: kwa a mapasa kukufunika zitsulo zokhota. Pamene mayi a mapasa ankafika kunyumba, wilo lili pamutu, anapeza anthu atawatsogolera kale. Pakati pa bwalo panali mulu. Mawilo opindika analipo angapo, matcheni adzimbiri, chishalo chong'ambika, mapedulo osafanana, chogwirira cha wilibala, ndi chinthu china chimene mwina kale chinali ambulera. Gogo wina ankabwera akukoka bedi lachitsulo.

"Onjezerani apo!" wina ankalamula. "Ikaoneka yophwanyika kwambiri, ndalamanso zichuluka!"

Bambo a mapasa ankakuwa ali pampando, akugwedeza ndodo yawo, koma anthu ankaganiza kuti akuthokoza.

Ndi nthawi yomweyo imene munthu wa inshulansi analowa pachipata. Anali mtsikana wamtali wovala magalasi, chikwama paphewa, nsapato zoyera zosayenera msewu umenewo. Anaima. Anayang'ana njinga yonyezimira itatsamira khoma. Anayang'ana mulu. Anayang'ana mayi amene anasenza wilo, ndi bambo wovala keliyala m'khosi.

"Pepani," anatero mwaulemu, "ndauzidwa kuti pagundidwa njinga imodzi. Apa ndikuona ngati pagundidwa msika."

Mayi a mapasa anaona nkhope ya mtsikanayo ikuuma, dzanja likupita kuchikwama, ndipo anadziwa chimene chikulembedwa m'mutu mwake: anthu awa akufuna kuba. Mwendo wa amuna awo unali kupita ulele pamaso pawo, utakwiriridwa ndi chifundo cha anansi.

"Zonsezi n'zake!" anayamba wina kumbuyo. "Inali njinga yaikulu!"

"Chete!" anakuwa mayi a mapasa. Anatula wilo pansi. "Achemwali, musalembe kaye. Bodza lililonse limene ndinganene pano likhala laling'ono kuposa zoona, ndiye ndingokuuzani zoonazo. Njinga yogundidwa ndi iyo yokongolayo. Awa ndi achimwene anga, anaikonza mobisa chifukwa amatikonda. Amatikonda kwambiri, sitidziwa kuti tinawalakwira chiyani. Zathu pano ndi zitatu zokha: wilo ili, keliyala ili m'khosi mwawoyo, ndi madigadi iyi. Zinazi ndi mphatso. Bedilo sindikulidziwa n'komwe."

"Ndi langa," anatero gogo uja monyadira.

Mtsikanayo anayang'ananso wilo lija. Kenaka anapereka chikwama chake kwa mayi a mapasa, n'kupinda manja a bulauzi.

"Ziikeni apa, motsatana mmene zimakhalira panjinga."

Anaziyala pasimenti ya khonde: wilo pansi, madigadi pamwamba pake, keliyala pamwamba pa zonse. Mtsikanayo anagwada, osasamalanso za nsapato, n'kuyamba kuzisuntha pang'onopang'ono ngati mwana wolumikiza zidutswa za mbale yosweka. Anatembenuza madigadi. Anakankha keliyala pang'ono. Mwadzidzidzi mapindikidwe atatu aja anakumana pamzere umodzi, kupindika kumodzi kolowa mkati kuchokera kumbuyo, ngati kuti chinthu chimodzi chachikulu chinaluma zonse nthawi imodzi.

"Eeee!" linatero bwalo lonse.

Anatulutsa foni, n'kutsegula chithunzi cha galimoto ija chimene anajambula kukampani. Anayang'ana bampala yake yobiriwira, yokalika pakona. Anakanda m'mphepete mwa keliyala ndi chikhadabo, n'kuonetsa mayi a mapasa: kachidutswa ka penti wobiriwira.

"Munthu wogwa yekha sapindika chakumbuyo," anatero. "Ndipo sindinamvepo hutala wosiya penti."

Anajambula zitsulozo mbali zonse, anajambula njinga yochirayo, anajambula chikhakha, bambo a mapasa atakonza kolala ndi kuumitsa nkhope ngati chithunzi cha chiphaso. Anafunsa achimwene tsiku limene anakonza njingayo ndi zimene anasintha, ndipo iwo anayankha ataima njo, keliyala itawasiyira mzere wadzimbiri pamalaya.

"Ndiye... zitheka?" anafunsa mayi a mapasa. Mawu anatuluka aang'ono, osafanana ndi a munthu amene anatseka mpira ndi diresi.

"Ine ndikalemba kuti galimoto inawagunda, chifukwa inawagundadi. Lipoti la apolisi ndi kalata ya kuchipatala muli nazo kale. Zotsalazo ndi za kuofesi, zimayenda pang'onopang'ono, koma ziyenda. Zitatuzi ndikutenga." Anaima, n'kuyang'ananso mulu uja, ndipo milomo yake inayamba kunjenjemera. "Koma ambulera... ambulerayo inali mbali iti ya njinga?"

Anaphulika kuseka mpaka anavula magalasi. Mayi a mapasa anangokhala pansi pafumbi, chikwama cha mlendo chili pamiyendo, akuseka misozi ili mbwembwembwe. Bambo a mapasa ankamenya ndodo pasimenti, akuseka ndi kubuula nthawi imodzi chifukwa mwendo unkawawa akagwedezeka. Azimayi analulutira. Achimwene, poona kuti palibenso amene akufuna kuwapha, anayamba kugwira anthu chanza ngati kuti zonse anazikonza dala.

Mlendo atapita, zitsulo zitatu zitamangidwa bwino m'thumba, mayi a mapasa anadzuka, anasasa fumbi, n'kuwomba m'manja.

"Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Tsopano aliyense atenge chake."

Anatembenuka kuti aloze muluwo. Atacheukanso, pabwalo panalibe munthu. Ngakhale gogo uja, amene pobwera ankayenda mokoka miyendo, anali atafika kale pakona.