Keyala ya Wina

A Zipora a ku Mitundu anangoona mwana wawo Maness akutsika minibasi ndi chikwama. Ntchito yotayipa ku Lilongwe inali itatha, ati kompyuta yake ndiyo inatulutsa zinsinsi za kampani.

Fodya atapita kumsika, kunabwera Duncan, wokonza makompyuta pakampanipo.

"Mayi, Maness sanalakwe. Pulogalamu yosandutsa manambala a makompyuta kukhala keyala yowerengeka inkagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, zonse zikulemba pamalo amodzi. Keyala ya kompyuta ya Maness inafufuta ya wolakwayo, mlandu n'kugwera iye. Takonza, tsopano ntchito iliyonse ili ndi pake polemba."

"Nkhuku ziwiri, chisa chimodzi," anatero a Zipora, osasiya kuswa mtedza. "Ndiye ayambanso liti?"

Duncan anayang'ana pansi. Pampando wa Maness panali kale mphwake wa bwana.

"Ndiye mwabwera kudzandiuza kuti makina achira? Mukawapatse moni."