Kadisi wa Epulo

Ine ndi amene ndimamanga nyambo za bwana, osati Enos. Enos ndi dalaivala chabe, mnyamata wa ku Chipata, wongodziwa kuseka mokweza bwana akayankhula.

Ntchitoyi ndinaiphunzira ku phiri la Zomba ndili ndi mano onse. Pano ndimaigwirira m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya bwana ku Al Barsha, mumzinda wa Dubai, kunja kukutentha ngati uvuni. Umatenga mbedza, ulusi ndi nthenga, n'kupanga kachilombo konamizira nsomba ya trauti. Kachilombo kofunika kwambiri kutsanzira ndi kadisi. Kamakulira pansi pa mtsinje, m'kanyumba kodzimangira kokha. Kuzizira kukatha, mu Epulo, tizilomboti timatuluka tambirimbiri ngati ngumbi, trauti n'kupenga nato. Kakakazi kamanyamula mazira obiriwira kumchira, ndiye ine ndimaikapo kaulusi kobiriwira.

Koma kadisi wa ku Sikotilandi, kumene bwana amakawedza, sindinamuonepo ndi maso. Ndimangomuona pa foni. Ndinkafuna ndikaime mumtsinjemo kamodzi kokha mawondo asanandikane.

Chaka chino bwana anabwera ine ndikumanga nyambo, Enos ali pambuyo ndi makiyi.

"Ndikufuna wondinyamulira katundu ku Sikotilandi," anatero. "Upita nane?"

Ndinafuna kuvomera pomwepo. Koma ine ndinaleredwa. Munthu wamkulu salumphira chinthu ngati galu waona fupa. Umayamba wakana, akukakamize.

"Ayi bwana, musavutike ndi ine."

Ndinadikira kuti afunsenso.

"Khalas, zatha basi," anatero bwana, n'kutembenuka. "Enos, nanga iwe?"

"Yalla, tiyeni bwana! Ngakhale lero!"

Bwana atachoka ndinamugwira mkono Enos. "Iwe, sunaone kuti ndimakana mwaulemu?"

"Mudala, kuno ni ku Dubai. Mukakana, mwakana. Mwenze kufuna akugwadileni?"

"Ukudziwa n'komwe kuti kadisi n'chiyani?"

"Si ka nchenche kaja? Nizakubweretserani mu botolo, mukazinge."

Ndinamanga nyambo zonse, bokosi kudzaza, chifukwa ndiyo ntchito yanga. Enos ndiye analinyamula.

Dzulo wanditumizira kanema. Waima m'madzi, wavala nsapato zazitali zomwe ndinkapukuta ine. Kadisi ali ponseponse, pa madzi, pa chipewa, ndipo iye akumuthamangitsa ndi dzanja ngati udzudzu. Kenako akukweza trauti yaikulu, kaulusi kanga kobiriwira kali pakamwa pake.

"Mudala, zigwira nchito!" akukuwa.

Ndinathimitsa foni. Madzulo ndinakumana ndi bwana wa nyumba yoyandikana nayo, anandifunsa ngati ndingamwe madzi ozizira. Ndinavomera asanamalize kufunsa. Ludzu ndinalibe.