Fumbi la Kuseri kwa Galaja

"Kankhani, alamu! Kodi m'mawa uno mwadya kapena mwangonunkhiza?"

A Mabuledi anakankha mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma chikuku sichinasunthe. Matayala ake ang'onoang'ono akutsogolo anali atamira m'miyala. Alamu awo, amene anakhalamo kuti ayese njirayo, anangopinda manja n'kumaseka ngati bwana wodikira dalaivala.

Dzina loti Mabuledi analitenga kubekale, kumene anaphika buledi zaka makumi atatu ndi zinayi asanapume. Alamu awowo anali mlongo wa akazi awo, ndipo aliyense ankawatchula a Kapitawo chifukwa anakalambira pa ntchito yomanga misewu. Chikukucho chinali cha mayi a kunyumba. Mvula yapitayi iwo anaterereka m'matope panjira yomweyi, yochokera pageti kufika pakhonde, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Tsiku limenelo a Mabuledi analumbira kuti pakhomo pawo sipadzaonekanso matope, ndipo anaitanitsa lole ya miyala ya kwale.

Matopewo anathadi. Koma tsopano linali Lachitatu, mayi amatuluka m'chipatala Loweruka, ndipo njirayo inali yosayendeka. Mwana wawo wamkazi anali atanena kale mosapsatira: "Ngati chikuku sichiyenda apa, amayi ndikupita nawo kwathu. Kwathu kuli simenti mpaka pakhomo." Mayi enieniwo anangowonjezerapo mawu amodzi ali pabedi, oti iwo si thumba la ufa loti azinyamulidwa polowa ndi potuluka m'nyumba mwawo. A Mabuledi anali atagona okha masabata asanu, ndipo anatopa nako kufulula tiyi wa munthu mmodzi. Ankaopa kwambiri kuti masabatawo asanduka miyezi.

"Ndayesa zonse," anadandaula akupukuta thukuta ndi chipewa. "Ndapondetsapo galimoto, kutsogolo, kumbuyo, mpaka aneba kutuluka kudzafunsa ngati ndikuphunzira kuyendetsa. Ndagubuduzapo mgolo wodzaza madzi. Miyalayi ikungothawira m'mbali ngati nyemba zouma m'beseni."

A Kapitawo anatsika m'chikukumo, n'kugwada bondo limodzi mobuula. Anatapa miyala yodzaza dzanja, kuifinya, kenako kuitaya. Anayang'ana chikhatho chawo kwa nthawi ndithu. Chinali choyera ngati angosamba kumene.

"Alamu, miyala iyi inabwera chonchi?"

"Chonchi bwanji?"

"Yoyera chonchi. Ine ndagwira kwale moyo wanga wonse, sindinaonepo woti munthu n'kudyera m'manja atangomugwira."

A Mabuledi anawongola msana, nkhope ikuwala. Apa ndiye panali ponyadira. Anafotokoza kuti a lole aja anawabweretsera zinthu zauve, theka miyala theka fumbi. Iwo sanafune kukangana ndi munthu. Anangokhomera waya wa pawindo pamatabwa anayi, n'kusefa mulu wonsewo fosholo imodzi imodzi kwa masiku anayi. Atamaliza anatsuka miyalayo ndi paipi ya madzi.

"Mlongo wanu mukumudziwa, safuna fumbi m'nyumba," anamaliza motero.

A Kapitawo anakhala pansi pamiyala pomwepo n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mayo ine! Mlongo wanga anakwatiwa ndi sefa! Masiku anayi, munthu wamkulu ndi imvi zake, kuchotsa chinthu chokhacho chimene chimagwira msewu!"

"Fumbi?"

"Fumbi lomwelo. Taonani kuno." Anatola miyala itatu n'kuigundanitsa pachikhatho. "Iyi ndi yofanana misinkhu. Pakati pake pali mipata, ndiye mukaiponda imangosuntha. Fumbi lija ndi timiyala ting'onoting'ono n'zimene zimalowa m'mipatamo n'kuitsekera. Popanda zimenezo, ngakhale mubwereke chigalimoto chopondera msewu, mudzangowotcha mafuta. Komanso mwathira mokhuthala kwambiri, mkono wanga ukulowa mpaka apa."

A Mabuledi anangoti kukamwa yasa. Kubekale, ufa wosasefa unali mlandu wochotsetsa munthu ntchito, ndipo dzanja lawo linazolowera kuti chilichonse chobwera m'thumba kapena pa lole chiyambe chadutsa pa sefa. Manyazi anawagwira, koma mantha ndi amene anakula. Masiku anali atatsala awiri okha.

"Ndiye fumbilo munalitaya kuti?" anafunsa a Kapitawo akupukuta misozi.

"Lili kuseri kwa galaja. Ndinalifunditsa lona kuti lisaulukire pa zovala. Ndimati mawa ndikalitaye."

"Ulesi wanu wakupulumutsani. Kandibwerekeni ovolosi."

Anayamba masana omwewo. Anakokera miyala yonse m'mbali mpaka dothi lolimba linaonekera, n'kundandalika njerwa zakale uku ndi uku kuti miyala isamathawe. Kenako a Mabuledi anayamba kututa fumbi lija pa wilibala, kulibwezera kumene analichotsa. Ulendo uliwonse akamadutsa, alamu awo ankawavulira chipewa.

"Moni, a sefa. Mwabweretsanso zauve?"

"Sekani, alamu. Tsiku lina mudzafuna keke ya ukwati wa mdzukulu wanu."

Lachinayi m'mawa anayamba kusakaniza. A Kapitawo anati zinthuzo zimafuna madzi pang'ono kuti zigwirane, ndipo anatsegula paipi n'kumathira uku akusimba za mlatho wina umene anamanga ali mnyamata. Nkhaniyo inatalika, madzinso anachuluka. A Mabuledi anatapako pang'ono, kufinya m'dzanja, madzi n'kutuluka m'mipata ya zala.

"Apa mwaononga," anatero. "Izi zikakamira ku chopondera."

"Inu mwadziwira kuti za msewu?"

"Za msewu sindidziwa. Koma chinthu chokandidwa ndimachidziwa."

Anathiramo mafosholo atatu a fumbi louma, kutembenuza, kufinyanso. Ulendo uno chinatuluka chibulunga chogwirana bwino, chosadontha, chimene chinasweka pokhapokha atachidina ndi chala. A Kapitawo anachiyang'ana, n'kuwapatsa paipi ija. Kuyambira pamenepo madzi anali a wophika buledi, ndipo sanalakwitsepo ngakhale wilibala imodzi.

Chopondera anachipanga okha, chipika cholemera cha mtengo atachikhomera zogwirira ziwiri. Ankayala miyala yosakanizayo kukhuthala kwa zala zitatu basi, kuiponda mpaka chipikacho chiyambe kulira mouma, kenako n'kuyalanso ina pamwamba. Pakati anakwezapo pang'ono kuti madzi a mvula azitsikira m'mbali. Inali ntchito ya anyamata, ndipo iwo anali madala awiri a misana yodandaula. Ankaponda kakhumi, kupuma, kusinthana. Pofika masana ankakhala pakhonde, miyendo ili tambalale, akumwa tiyi ndi buledi amene a Mabuledi anaphika m'bandakucha. Kunena zoona, a Mabuledi anali asanasangalale chonchi chigonekedwere akazi awo m'chipatala.

Lachisanu dzuwa likupendeka, anapondaponda chigawo chomaliza cha pageti, n'kuyala thabwa lalikulu pa sitepe ya khonde. A Kapitawo anadinda njirayo ndi chidendene cha jombo. Sipanatsale chizindikiro. Anakhalanso m'chikuku muja, ndipo a Mabuledi atangokankha kamodzi, chinathamanga mpaka alamu awo anakuwa kuti awagwire asanagunde maluwa.

Loweruka galimoto ya mwana wawo inafika cha m'ma teni. Inati ikhote kuti ilowe, koma inaima pageti pomwepo. Mayi ndi amene analamula. Anali ataonda, tsitsi litayera kuposa kale, koma mawu anali omwe aja.

"Nditsitsireni pompano. Ndione zimene akhala akuchita akuluakulu awiriwa."

Anawakhazika m'chikuku. Mwana wawo anasiya sutikesi ya mayi ake m'buti, n'kuima chapatali atapinda manja, makiyi ali m'dzanja. A Mabuledi anagwira zogwirira kuti akankhe.

"Chotsani manja, bambo."

Anachotsa. Mayi anagwira matayala n'kukankha okha. Chikuku chinayenda. Chinkayenda pang'onopang'ono, timiyala tikulira pansi pake, koma sichinamire. A Mabuledi ankatsatira pambuyo, manja ali m'malere pafupi ndi zogwirira, osakhudza. Pakati panjira mayi anaima kuti apume, pamalo pomwe anagwera paja. Anayang'ana pansi, kenako anayang'ana mlongo wawo.

"Achimwene, ntchito iyi ndi yanu."

"Theka lokha," anayankha a Kapitawo. "Amuna akowa anayamba asefa msewu wonse ngati ufa wa keke. Ndikuuza bwino tikakhala pansi."

"Musandiuze, ndikuwadziwa. Anandisefera mchenga wa m'maluwa chaka chatha."

Pa thabwa la pakhonde analola kuti amuna awo awathandize pang'ono, koma pakhomo analowanso okha. A Mabuledi anali atakolopa pabalaza kawiri m'mawa umenewo, simenti ikuchita kunyezimira. Kenako anayang'ana pansi. Matayala anali atajambula mizere iwiri yotuwa ya fumbi, kuchokera pakhomo mpaka pa tebulo. Anathamangira kukhitchini kukatenga chokolopera.

"Mukupita nacho kuti chimenecho?" anafunsa mayi.

"Fumbili, mayi. Ndipukute msanga."

Mayi anatembenuza chikuku n'kuyang'ana mizereyo, mmene inatulukira pakhomo kulunjika kugeti. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Isiyeni kaye lero," anatero. "Ndikufuna ndizionako kuti ndalowa ndekha."

A Mabuledi anaimika chokolopera pakhoma. Maso anawayabwa, ndipo ananamizira fumbi lomwelo. Panja anamva buti ya galimoto ikutsekedwa, kenako mapazi a mwana wawo akubwera panjira ija ndi sutikesi. A Mabuledi analowa m'khitchini n'kutsitsa makapu anayi.